Telala wa M'chitsime cha Mfumu

Ufumu wa Ndatero uli kuseri kwa mapiri a Sitidziwa, ndipo amene anafikako amati ndi dziko labata. Batalo linachokera pa lamulo limodzi limene Mfumu Yaikulu Sindifunsa inalengeza itangolowa ufumu. Lamulolo linati munthu aliyense wobadwira mu Ndatero ndi wa Mfumu, kuyambira paliwombo mpaka ku chikhadabo cha kuphazi. Nduna zinauza anthu kuti asade nkhawa. Thupi azikhala nalo ndithu, azilidyetsa ndi kulisambitsa, monga momwe munthu amasungira mbuzi ya mlamu wake. Kungoti mwini wake akaifuna, suikaniza.

Anthu ambiri sanaonepo chachilendo. Amayi ogulitsa tomato mumsika wa Tipirire anangofunsa ngati mwini wakeyo azithandizako pa nkhani ya sopo. Atauzidwa kuti ayi, anabwerera ku tomato wawo.

Amene sanazimve anali a Yotamu Kalimanjira, telala wa pakhonde la golosale ya pakati pa msika. Anali munthu wamfupi, wadazi, wodziwa kusoka kolala kuti iime, ndipo mtsutso ankaukonda kuposa ndiwo.

"Ine ndine wanga," ankatero akupalasa makina. "Mfumu inalipo pamene mayi anga ankamva zowawa? Anandifunsa ndani? Ndinavomera liti?"

Mnzawo wosewera naye bawo, a Sipiriyano Mkwezalamba, amene analibe ntchito yodziwika, ankagwedeza mutu. "Nenani, achimwene, nenani."

Tsiku losesa msewu wa Mfumu likafika, anthu onse ankatenga matsache. A Yotamu ankatsala pamakina, ati miyendo ndi yawo ndipo lero yasankha kupalasa.

Chaka chimenecho Mfumu inalamula kuti m'dziko lonse mukumbidwe zitsime. Zitsime zinakumbidwadi. Za madzi lamulolo silinanene kanthu, choncho okumba akatopa ankatuluka n'kupita kukayamba china. Chimodzi chinatsala kuseri kwa msika wa Tipirire, udzu utachiphimba.

Tsiku lina masana, dzuwa likuswa mtengo, a Yotamu ankapita kunyumba ndi a Sipiriyano. Anali pakati pofotokoza kuti boma limene sunalivomere silisiyana ndi mlendo wodzigawira yekha nyama. Kuti mfundo imveke bwino anatembenuka n'kumayenda chambuyo, akuyang'ana mnzawoyo m'maso. Mfundoyo anaimalizira pansi pa chitsime chija.

Anthu anathamangirako. Wogulitsa mbuzi anabweretsa chingwe, amuna n'kuvula malaya. Chingwe chisanafike pansi anatulukira a Gwedeza, mesenjala wamkulu wa bwalo la milandu, munthu wamtali wosathamanga.

"Chingwecho chiime kaye," anatero a Gwedeza. "Chitsimechi ndi cha Mfumu. Ali m'katimo ndi a Mfumu. Kuchotsa katundu wa Mfumu pamalo a Mfumu popanda chilolezo ndi kuba."

"Nanga chilolezocho timachitenga kuti?" anafunsa mwini chingwe.

"N'chosavuta. Iwowo angonena kuti, 'Ndine wa Mfumu, nditulutseni.' Ine ndemwe ndikoka nawo."

Anthu anasuzumira m'dzenje. Kenaka munatuluka mawu: "Sindinena."

Mkazi wa a Yotamu, Nasibeko, ankagulitsa usipa kumapeto kwa msika. Atamva, anavundikira dengu lake, anabwera n'kugwada pakamwa pa chitsime.

"Abambo a Leya, mwavulala?"

"Phazi lokha. Lakumanzere."

"Nenani mawuwo tizipita."

"Nasibeko, munthu akadzipereka ndi pakamwa pake, wadzigulitsa."

"Pakamwa pomwepo mumandiuza napo kuti mubwera msanga. Sindinaone mutagulitsidwa."

Nasibeko anadikira, kenaka anapita kunyumba. Anabwerako ndi ndowa ziwiri, ina ya mbatata ndi madzi, ina yopanda kanthu. A Gwedeza analola, chifukwa lamulo limaletsa kutulutsa katundu wa Mfumu koma kumudyetsa limalimbikitsa. Za ndowa inayo anati aganizira, ndipo anaganizira ali patali.

Nkhani itafika ku Mpanda, kumene Mfumu imakhala, nduna zinakumana. Nduna ya Zitsime inati vuto ndi la Nduna ya Anthu ndi Ziweto, popeza chogwacho ndi munthu. Nduna ya Anthu ndi Ziweto inati vuto ndi la Nduna ya Zitsime, popeza munthuyo ali m'chitsime. Nduna ina yokalamba inakumbutsa anzake kuti ngati telalayo ndi wa Mfumu, ndiye kuti chitsime cha Mfumu chathyola phazi la Mfumu, ndipo Mfumu iyenera kudzisumira yokha. Anzakewo anaipempha kuti ikapume.

Mfumu inamvetsera zonsezi ikusenda nthochi.

"Kodi munthuyo akuti chiyani kwenikweni?"

"Akuti ndi wake, Mfumu."

"Wa ndani?"

"Wa iye mwini."

Mfumu inasiya kutafuna. "Anamupatsa ndani?"

Panalibe anadziwa. Choncho anagwirizana zotuma Woweruza Wamkulu, a Chidzanja, kuti akazenge mlanduwo pamalo pomwepo.

A Chidzanja anafika ndi tebulo, mpando ndi munthu wowagwirira ambulera. Tebulo analiika pafupi ndi dzenje, osati pafupi kwambiri. Msika wonse unasonkhana. Woweruza anawerama pang'ono n'kufunsa ngati wozengedwa mlandu alipo.

"Ndilipo," anayankha a Yotamu. "Koma ndifunse kaye. Mlanduwu ndi wa ine ndi Mfumu. Inuyo ndinu a ndani?"

"A Mfumu."

"Ndiye khasu lingaweruze mlandu wa mwini munda ndi khasu linzake?"

Anthu anayang'ana pansi, ena anatsokomola. A Chidzanja sanakwiye. Anali atakalambira pa ntchitoyo.

"Mukufuna akuweruzeni ndani, a Kalimanjira?"

"Munthu amene ine ndi Mfumu tingagwirizane."

"Wa mu Ndatero muno?"

"Eya."

"Onse ndi a Mfumu."

"Ndiye wakunja."

"Wakunja akangowoloka malire amakhala mlendo wa Mfumu. Amadya kwa Mfumu."

"Ndiye palibe wondiweruza."

"Pamenepo tagwirizana," anatero a Chidzanja. Anaimitsa mlandu kufikira tsiku limene padzapezeke munthu wopanda mwini, ananyamulitsa tebulo n'kubwerera ku Mpanda.

Mbiri ya telala wa m'chitsime inafalikira. Anthu ankachokera kutali kudzasuzumira, ndipo ogulitsa zitumbuwa anasamukira kuseri kwa msika. A Sipiriyano ankaima pamulu wa dothi n'kumafotokozera alendo mfundo za mnzawoyo, zina akuwonjezera. Madzulo ena anawerama n'kunena kuti, "Achimwene, makina aja ali okha pakhonde. Dziko laipa ili. Ndikakusungireni kwathu."

"Mwachita bwino," anayankha a Yotamu.

Pansipo zinthu sizinali monga ankazifotokozera a Sipiriyano. Dzenjelo linali lopapatiza, moti a Yotamu sankatha kutambasula miyendo yonse. Kumwamba ankakuona ngati mbale yoyera, m'mbali mwake muli mitu ya anthu. Phazi linatupa, linada, ndipo linayamba kutentha mpaka m'bondo. Mitu ija ikachoka, a Yotamu ankalira mosatulutsa mawu. Kangapo konse anayeserera mawu aja monong'ona. "Ndine wa..." Pamenepo ankaima. Ankakhulupiriradi kuti munthu si mbuzi. Koma ankadziwanso kuti msika wonse unawamva akukana, ndipo iwo eni sankatha kusiyanitsa kuti chikuwatseka pakhosi ndi chiti pa ziwirizi.

Nasibeko anazindikira ndi fungo. Anali atagulitsa nsomba zaka zambiri, ndipo chinthu chikayamba kuwonongeka ankachidziwa asanachione.

"Abambo a Leya, phazilo lawola."

"Likupola."

"Musandinamize, ndili ndi mphuno. Mukuti thupi ndi lanu. Chabwino. Koma ndowa ndikukoka ndine. Usipa wanga wauma padengu, mwana akufunsa. Mukafera m'menemo, wolira maliro ndine. Zanu zokha m'nkhaniyi ndi ziti?"

"Mawu anga," anatero a Yotamu. Anatero motsitsa kwambiri, moti Nasibeko anachita kutchera khutu.

Anapita kwa a Gwedeza kukapempha. A Gwedeza anati akumvetsa, iwonso ali ndi banja, koma lamulo silinunkhiza.

Mvula yoyamba inagwa masana a tsiku la msika. Inayamba ndi mphepo, kenaka inakhuthuka. Madzi onse a mumsika wa Tipirire, ndi makoko a nthochi ndi mamba a nsomba, anatsata ngalande yawo yakale, ndipo ngalandeyo inkathera pachitsime cha Mfumu. Alendo anathawa. A Sipiriyano anali woyamba.

Nasibeko sanafunse munthu. Anadutsa m'mashedi akuitana amayi anzake mayina, a tomato, a nyemba, a makala. Anatenga chingwe kwa wambuzi uja, amene anati sakuona chilichonse chifukwa cha mvula. Amayiwo anagwira, iye anamanga chitenje molimba n'kutsika yekha. Anawapeza amuna ake madzi ali m'chifuwa, mano akugundana. Anawamanga chingwe m'khwapa.

"Nasibeko," anatero a Yotamu, "sindinavomere."

"Ndamva."

Amayi anakoka. A Gwedeza anali atabisala mvula pakhonde la golosale, ndipo nthawi yonseyo ankayang'anitsitsa denga, kuona pamene pakudontha. Atatsimikiza kuti mwamuna watuluka, ndiponso kuti mkazi watuluka, anatsika pakhonde n'kumanga Nasibeko pa mlandu wakuba katundu wa Mfumu.

A Yotamu anawanyamula pangolo kupita nawo kuchipatala. Kumeneko phazi analidula m'kakolo. Atatsitsimuka anafunsa za mkazi wawo, ndipo anawauza kuti chilango cha wakuba za Mfumu ndi kukaswa miyala ku phiri la Mtayamoyo, kumene anthu amapita ali ndi tsitsi lakuda n'kubwerako ndi imvi. A Yotamu anatembenukira kukhoma. Tsiku lonse sanatsutsane ndi munthu.

Chimangidwire Nasibeko, amayi a mumsika sanatsegule madengu awo. Sanalengeze chilichonse. Wina anati mutu, wina anati maliro a kwa amuna ake. Ku Mpanda nduna zinayamba kudya ndiwo za dzulo, kenaka za dzana. Pa tsiku la mlandu amayiwo anadzaza bwalo, atakhala pansi mwaulemu, osayankhula.

A Yotamu anawabweretsa ngati katundu wobedwa. Anawakhazika pabenchi pamodzi ndi chingwe chija, chimene chinalinso umboni. Utaimitsidwa mlandu wa pachitsime uja, analumbira pamaso pa anthu kuti sadzatsegula pakamwa m'bwalo limene sanalivomere. Anayang'ana mkazi wawo ataima kutsogolo, wopanda mpango kumutu, ataonda m'khosi. Anagwira ndodo zawo n'kuimirira.

"Bwana woweruza, ndili ndi mawu."

"Katundu sayankhula," anatero a Gwedeza.

"Musiyeni," anatero a Chidzanja.

"Mayiyu sanabe. Ndinamutuma ndine. Ndinamuitana, ndinati nditulutse."

Nasibeko anawayang'ana.

A Chidzanja anayeza mbali zonse ziwiri. Akalandira umboniwo, ndiye kuti avomera kuti telala ali ndi mphamvu yotuma munthu pa za thupi lake, ndipo lamulo la Mfumu lagwa. Akaukana n'kumanga mayiyo, ayenera kufotokoza kuti katundu wa Mfumu anabedwa ali wotani, anamuwononga ndani, ndipo anamusiya ndani kuti awole. Mayankho ake onse anali ndi maofesi ku Mpanda. Komanso iwo eni anali atatopa ndi nyemba.

"Bwalo lapeza motere," anatero pomaliza. "Palibe munthu angatuluke m'chitsime cha Mfumu popanda chilolezo. Chilolezo sichinaperekedwe. Choncho palibe anatuluka. A Yotamu Kalimanjira akadali m'chitsime. Popeza katundu ali pamalo pake, palibe chinabedwa. Mayiyu azipita."

"Nanga awa?" anafunsa a Gwedeza, akuloza pabenchi.

"Ati?" anatero a Chidzanja.

Mawa lake Unduna wa Zitsime unatumiza amisiri kukaika chivundikiro chachitsulo padzenjepo, kuopa kuti telala angathawe.

Pobwerera kunyumba, a Yotamu akudumphira pandodo, Nasibeko anati, "Munanama m'bwalo."

"Ndinanama."

"Linali bodza labwino. Mukanalinena kale mukanakhala ndi mapazi awiri."

Anatero akuwagwira mkono pamalo poterera, ndipo sanawasiye mpaka pakhomo.

Masiku oyamba a Yotamu anaona ngati apambana. Tsiku losesa msewu linafika, palibe anawaitana. Okhometsa msonkho ankawadutsa ngati chitsa. A Gwedeza akakumana nawo panjira ankapatuka pang'ono n'kupereka moni kwa mtengo wapafupi. Mu Ndatero monse munali munthu mmodzi yekha amene boma silinkamulamula, ndipo anali iwo.

Chilonda chitauma anapita kwa a Sipiriyano kukatenga makina. Anawapeza pakhonde akupalasa, akusoka diresi ya mwana yokhota mpendero.

"Ndabwerera makina, achimwene."

"Makina ake ati?"

"Amene mwakhalapowo."

A Sipiriyano anadula ulusi ndi mano. "Achimwene, munandiphunzitsa nokha kuti chinthu ndi cha amene wathirapo thukuta. Ndinawanyamula pamutu, ndawathira mafuta, ndasintha lamba. Inu munawasiya pakhonde."

"Ndinali m'dzenje."

"Mwa kufuna kwanu."

"Ndiye tipeze munthu atiweruze."

"Amene tonse tigwirizane, eti? Ine ndasankha amalume anga."

A Yotamu anaima pamenepo kanthawi, akuyang'ana makina amene anagula asanakwatire. Pachitsulo chopondapo panali posalala pamene phazi lawo linadya. Anatembenuka. Sanapite kunyumba. Anapita ku bwalo la milandu, n'kukaima pakhomo.

A Gwedeza anali pampando wawo. Anayang'ana kumwamba.

"Ndikumva ngati mawu ochokera pansi," anatero, ngakhale a Yotamu anali asanayankhule. "Wa m'chitsime akafuna kudandaula, ayambe watuluka. Mawu ake akuwadziwa. Angonena, mlandu wa makina tiuzenga mawa lomwe, ndipo sungavute."

A Yotamu anatsamira ndodo. Anthu ankalowa ndi kutuluka, akuwalambalala. Dzuwa linasuntha, mthunzi wa khonde unawachokera. Kenaka anabwerera kwawo. Anapempha singano yamanja kwa mkazi wawo n'kukhala pamkeka kumasoka zigamba.

Mumsika palibe anakambapo za makina. Sipanachitike msonkhano. Kungoti anthu analeka kupita ndi zovala kwa a Sipiriyano, ndipo amuna a ku Tipirire anayamba kuyenda ndi mabuluku ong'ambika pamawondo ngati ndi fasho. Mkazi wa a Sipiriyano akafika pa tomato, tomato anali atagulidwa kale, ngakhale ali pomwepo. Kuchigayo mzere sunkamufika. Ana awo akabwera pamasewera, anzawo ankaitanidwa kunyumba. Pamaliro a Sipiriyano ankakhala pabenchi lawolawo, lalitali.

Anapirira mpaka chimanga chitamasula. M'mawa wina a Yotamu anatsegula chitseko n'kupeza makina pakhonde, atavundikiridwa ndi thumba. Tsiku lomwelo anaona ngolo ikudutsa pamsewu, italunjika kwawo kwa mkazi wa a Sipiriyano. Inanyamula mphasa, mipando iwiri ndi mbuzi. Ana anakhala pamwamba pa mitolo. Wamng'ono anawabayibitsa a Yotamu, chifukwa ankawadziwa, ankamupatsa tizidutswa ta nsalu tosokera zidole. A Sipiriyano ankayenda pambali pa ng'ombe, osayang'ana kumbali.

A Yotamu anakhala pamakina. Anayesa kupalasa ndi phazi limodzi. Makinawo anakana kawiri, kachitatu anayenda. Anasiya.

"Nasibeko, mlanduwu waweruza ndani?"

Nasibeko ankasankha usipa palichero. "Palibe."

"Anamufunsa mbali yake?"

"Iye anakufunsani yanu?"

"Ana aja analakwa chiyani?"

Nasibeko anapitiriza kusankha usipa.

"Nanga tsiku lina msika ukadzatembenukira ife, tidzakadandaula kuti?"

Nasibeko anaika lichero pansi. Anayang'ana kumsewu, kumene fumbi la ngolo linali lisanathe.

"Sindikudziwa, abambo a Leya," anatero.

Kenaka Nasibeko analowa m'nyumba, anatuluka ndi buluku lalitali la kaki lothyoka zipi, n'kuliika pamakina.

"A Gwedeza asiya ili. Akuti ndikaliponye m'chitsime, ndipo ngati n'kotheka lituluke Lachisanu."